Mmisiri ndi Buku la Asilikali

Pali ntchito imene munthu amagwira chifukwa cha njala, ndipo pali ina imene amagwira chifukwa mtima wake ukondwera nayo, ngakhale siimpatsa ndi khobidi lomwe. Wina amaweta nkhunda zimene sadya kapena kugulitsa. Wina amakhalira bawo mpaka dzuwa kulowa. Ku Zomba, kumunsi kwa phiri, kuli mkulu wina, mmisiri wa matabwa, amene ntchito yake ya pamtima ndiyo kusema tiasilikali ta mtengo. Masana amapala zitseko, mipando ndi mafelemu a mazenera. Koma ikakwana nthawi yoweruka amatola tizidutswa ta mlombwa totsala pansi pa benchi, nakhala pakhonde ndi kampeni kake, nayamba kusema. Kamsilikali kalikonse n'kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Alendo ena anayesa kumnyengerera ndi ndalama, koma iye anangoseka nati, "Awa ndi anthu anga, sali pamalonda."

Chimene chinamkokera ku ntchito imeneyi si china ayi koma atate ake. Iwo anali msilikali wa Keyala, ndilo dzina limene anthu a kuno anapatsa gulu la nkhondo la King's African Rifles potchula zilembo zake zitatu, K.A.R. Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo bataliyoni yake yoyamba ndi yachiwiri zinali za amuna a dziko lino. Pa ufulu, mu 1964, bataliyoni yoyambayo inasanduka Malawi Rifles. Atate a mmisiriyo anabwera kunkhondo ali munthu wa mawu ochepa. Ana akawafunsa ankangoti, "Kunali kutali, kunali mvula," nakhala chete. Pomwalira anasiya kachitini ka masikono, ndipo m'menemo munali chithunzi chimodzi chofwifwa ndi ukalamba, ndi mamendulo anayi, awiri onga nyenyezi ndi awiri obulungira ngati ndalama. Banja lonse linkati iwo anakamenyana ndi Ajeremani ku Ulaya, pakuti anthu ankaitcha nkhondoyo ya Hitler, ndipo panalibe amene anakayikapo.

Mmisiriyo sanapite patali ndi sukulu ali mwana. Anaphunzira kuwerenga ali kale ndi zidzukulu, ku sukulu ya kwacha, atakhala pa benchi limodzi ndi amayi ogulitsa tomato. Kufikira lero amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo Chingerezi sachimva. Chifukwa chake pamene mwana wake wogwira ntchito ku Johannesburg anamtumizira mabuku awiri a Chingerezi, amene anawapeza m'sitolo ya mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, akazi ake anapukusa mutu nati, "Abambo, mwanayu wakutumizirani zokolezera moto kodi?" Koma mwanayo ankawadziwa atate ake. Buku lina linali lopyapyala, la zovala ndi zida za asilikali a kum'mawa kwa Africa; lina linali lonenepa, la mamendulo ndi mabaji. Onse awiri anali odzaza ndi zithunzi.

Mabuku a mtundu umenewu ngambiri kunja, pakuti kumeneko kuli anthu ochuluka amene amapenta tiasilikali, kapena kusonkhanitsa mabaji akale, monga ntchito ya pamtima. Kampani ina ya ku England, ya Osprey, yatulutsa mazana a timabuku totere kuyambira mu 1971, pa mndandanda wotchedwa Men-at-Arms. Ambiri a iwo ali ndi masamba 48 okha, ndipo pakati pali masamba 8 a zithunzi za mitundumitundu zojambulidwa pamanja. Limodzi la iwo, lolembedwa ndi Peter Abbott mu 2002, likamba za magulu a nkhondo amene anamenyana kum'mawa kwa Africa kuyambira 1914 kufikira 1918: a Angerezi, a Ajeremani, a Abeljiyamu ndi a Apwitikizi. Kapangidwe ka mabuku otere n'kofanana. Pa tsamba pamaima anthu atatu kapena anayi, aliyense ndi chilembo ndi nambala yake, monga A1 kapena B2. Munthu akafuna kudziwa za msilikali B2, amatsegula kumapeto nafuna B2, ndipo amapeza mawu ochepa omuuza kuti ameneyu ndani, chaka chake n'chiti, ndi chifukwa chake avala motero. Zilembo ndi manambala mmisiriyo ankazipeza yekha. Mawu a Chingerezi ankamumasulira mdzukulu wake wamkazi wa Fomu 3, madzulo, atatha kutsuka mbale.

Usiku woyamba womwewo bukulo linamchititsa manyazi. Kwa zaka zambiri iye ankapenta zisoti zazitali za tiasilikali take ndi penti yofiira, pakuti aliyense amadziwa kuti msilikali wa kale ankavala chisoti chofiira. Koma mdzukuluyo anawerenga nati, "Agogo, apa akuti mabataliyoni ambiri a Keyala ankavaladi zofiira, koma a ku Nyasaland ankavala zakuda." Mkuluyo anati, "Werenganso, mwina walumpha mzere." Mwanayo anawerenganso, ndipo mawu sanasinthe. Ndiye kuti anthu onse amene anaima pa shelefu yake, oposa makumi awiri, anali Akeyala ndithu, koma a ku Kenya kapena ku Uganda. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa ku Zomba. M'mawa mwake sanapale chitseko chilichonse. Anakhala tsiku lonse akupala penti yofiira ndi kagalasi kosweka, akazi ake akumseka ali kumtondo.

Munthu angafunse kuti, nanga analakwa bwanji pamene zithunzi zakale za Akeyala zilipo zambiri? Yankho lake ndi lakuti chithunzi cha kamera cha masiku amenewo chilibe mtundu. Chofiira ndi chakuda zonse zimaoneka zakuda. Kawirikawiri msilikali amaima patali, kapena mnzake wamphimba, ndipo thumba la zipolopolo silioneka kuti lamangidwa bwanji kumbuyo. Wojambula wa buku ndiye amachita chimene kamera inalephera. Amayang'ana zithunzi zambiri, nawerenga malamulo akale a kavalidwe, nakaona malaya enieni osungidwa m'nyumba za zinthu zakale. Atatero amajambula munthu mmodzi wooneka bwino kuyambira kumutu kufikira kuphazi, nthawi zina namtembenuza kuti msana uoneke. Kwa wosema, msanawo ndiwo chuma, pakuti mtengo uli ndi mbali zonse. M'bukumo mmisiriyo anaona kuti nkhondo ya 1914 isanayambe Mkeyala poyenda kuthengo ankavala juzi ya buluu woderako, kabudula wa khaki, ndi nsalu zokulunga m'miyendo, ndi kuti ambiri ankayenda opanda jombo. Iye anali atawaveka onse majombo, chifukwa ankaganiza kuti kusiya msilikali wopanda nsapato n'kumnyoza.

Mdzukuluyo anayesa kuthandiza ndi lamya yake ya m'manja, pakuti pa intaneti zithunzi zimabwera ngati inswa. Koma zambiri zinabwera zopanda chaka ndi dzina la gulu, ndipo zina zimene analemba kuti ndi za Keyala zinali za asilikali a ku Nigeria ndi Gold Coast, amene pa perete ankavala chisoti chofiira ndi kajekete kofiira. Lamya imathanso moto, ndipo chithunzi chimene munthu anachiona dzulo sachipezanso lero. Buku limakhala chotsegukira pa benchi sabata yathunthu, utuchi ukuligwera, likudikira mwini wake.

Tsono kunadza tsiku la mlandu. M'mudzimo munafika munthu wogula zinthu zakale, akufunsa khomo ndi khomo za nsimbi zamakala, ndalama za Federation ndi mamendulo. Mphwake wa mmisiriyo, mwana wa mlongo wake, anabwera nakhala pansi mwaulemu nati, "Malume, feteleza wakwera mtengo, ndipo mvula ili pafupi. Zitsulo za agogo zingodya dzimbiri m'chitini. Bwanji tigulitse?" Mnyamatayo sanalankhule zopusa ayi. Munda wake unalidi wosathira kanthu, ndipo mendulo siidyedwa. Mkuluyo anati, "Wanena zomveka, mphwanga. Koma munthu sagulitsa mbuzi ili m'thumba. Undipatse masiku atatu ndiyambe ndadziwa chimene tili nacho."

Anatsegula buku lonenepa lija, nayala mamendulo pa mphasa, nayamba kufanizira limodzi ndi limodzi. Apa Chingerezi sichinafunike kwenikweni, pakuti mendulo imadziwika ndi kansalu kake. Nyenyezi zonse za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zili ndi nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo poziona patali zimafanana. Koma nsalu zake n'zosiyana. Ya omenya nkhondo kumpoto kwa Africa ndi ku Abyssinia ili ndi nsalu ya mtundu wa mchenga, mzere wofiira uli pakati. Ya atate ake sinali yotero. Inali ndi mzere wofiira waukulu pakati, m'mbali muli buluu woderako, ndi timizere ta mtundu wa lalanje. Anatsata ndi chala kufikira anaipeza, ndipo pansi pake anawerenga yekha mawu amene sanafune womasulira: Burma.

Pamenepo anatenganso chithunzi chija. Atate ake anaima atavala chipewa cha mlomo waukulu, ndipo pamkono wa malaya, pafupi ndi phewa, panali kadontho kakuda kamene banja lonse linkayesa kuthimbirira kwa pepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anabwereka galasi lokuzira zinthu kwa wokonza mawotchi wa kumsika, nayang'ana nthawi yaitali, ndipo anaona kanyanga. Unali mutu wa chipembere, baji ya 11th East African Division. Mdzukulu anamuwerengera kuti gulu lalikululi linali ndi amuna a ku Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia. Kuti linapita ku chilumba cha Ceylon mu 1943 kukakonzekera. Ndi kuti mu 1944 linalowa m'dziko la Burma kukamenyana ndi Ajapani. Linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yaikulu, pamene magulu ankhondo ankayenera kupuma, m'matope ndi m'malungo, chakudya chikuponyedwa kuchokera m'ndege, kufikira linafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala 1944. Mkuluyo anakhala chete. Kenaka anati, "Kunali kutali, kunali mvula. Anatiuza zonse, koma ife sitinamve." Ku Ulaya atatewo sanapondeko, ndipo Mjeremani mwina sanamuone n'komwe.

Panatsala mendulo imodzi yobulungira, yakuda ndi ukalamba, yopanda nsalu. Kumaso kwake kunali mutu wa mfumu ya ndevu, kumbuyo munthu wokwera pa kavalo, ndi zaka ziwiri, 1914 ndi 1918. Imeneyi sikanakhala ya atate ake, pakuti pa nthawiyo anali asanabadwe. Bukulo linati ndi mendulo ya siliva ya nkhondo yoyamba, ya Mfumu George V, ndipo linanenanso kanthu kena kamene munthu sangakaganize yekha: kuti mamendulo a nkhondo yoyamba anadindidwa nambala ndi dzina la mwini wake m'mphepete, pa mkombero wopyapyala, pamene nyenyezi zambiri za nkhondo yachiwiri zinaperekedwa zopanda dzina. Mmisiriyo anapukuta mkomberowo ndi phulusa ndi madzi a ndimu, nautembenuzira kudzuwa. Zilembo zinatuluka. Mdzukulu anatambasula dzanja kuti awerenge, koma iye anati, "Leka, mwanawe, izi ndiwerenga ndekha." Panali nambala, panali K.A.R., ndipo pakati panali dzina limene iye analidziwa kuposa mawu ena onse, pakuti ndilo loyamba limene analemba pa sileti ku sukulu ya kwacha. Linali dzina lake lomwe, ngakhale kalaliki wa Chizungu anaika R pamene payenera L. Mayi ake aang'ono, nkhalamba yokhayo yotsala ya mbadwo umenewo, atafunsidwa anati, "Inde, unatchedwa dzina la amalume a atate ako, amene anapita ku nkhondo ya chiwaya. Kodi sanakuuze?"

Nkhondo ya chiwaya ndilo dzina limene makolo anapatsa nkhondo ya 1914, chifukwa cha mfuti ija yolira mosalekeza ngati chimanga chokazingidwa. Inafika kuno msanga. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Boma, Gwendolen, inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pagombe ku Sphinxhafen, kumene lero kumatchedwa Liuli, kutsidya kwa nyanja. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anazunguza adani ake zaka zinayi, nalowa ku Mozambique mu 1917, ndipo anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918, nkhondo ya ku Ulaya itatha kale masabata awiri. Ndiye kuti m'banjamo munalidi munthu amene anamenyana ndi Ajeremani, koma sanali amene ankamganizira. Nkhani ziwiri zinalowana m'kamwa mwa anthu, monga mmene mamendulo anasakanikirana m'chitini.

Tsiku lachitatu mphwake anabwera. Mkuluyo anamuonetsa zonse nati, "Iyi ili ndi dzina, ngakhale itapita kutsidya kwa nyanja idzanenabe mwini wake. Koma nyenyeziyi ilibe dzina. Ikangotuluka pakhomo pano isanduka ya munthu aliyense, ndipo agogo ako sadzakhalanso ndi umboni woti anafika ku Burma." Mnyamatayo anatenga nyenyeziyo naiyang'ana kumbuyo, ndipo anapeza kuli see. Sanayankhe. Amalume ake anamasula mbuzi imodzi m'khola nampatsa kuti akagule feteleza, ndipo wogula uja anapitirira ku mudzi wina.

Komatu asaganize munthu kuti buku lotere limanena zonse. Msilikali wa m'buku ngwoyera, malaya ake ngositidwa, mimba yake njokhuta. Pafupi ndi mudziwo pankakhala nkhalamba ina imene inapita ndi Keyala ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Mmisiriyo anapita nalo bukulo kwa iwo, ndipo iwo analiyang'ana nthawi yaitali, nagwedeza mutu pa chisoti chakuda, nati, "Ichi n'choona, koma chinali cha pa perete. M'nkhalango munthu ukavala chimenechi ufuna kufa." Atafika pa chithunzi cha msilikali wa zovala zobiriwira za m'nkhalango anaseka nati, "Achimwene, uyu sanalumidwepo ndi misundu. Malaya athu ankaola tili chivalire." Kuyambira pamenepo mmisiriyo amadetsa maondo a anthu ake ndi dothi losakaniza ndi guluu, ndipo ena amawasema atawerama ndi kutopa. Wapezanso kuti mabuku awiri nthawi zina amatsutsana pa kanthu kakang'ono, monga mtundu wa lamba kapena malo a baji, pakuti olemba ndi anthu, ndipo kunkhondo msilikali amavala chimene wapeza, osati chimene lamulo linalemba. Zikatero iye sathamangira penti. Amasiya malowo osapaka kufikira atafunsa.

Ndiponso mabuku ambiri a nkhondo analembedwa ndi maso a akuluakulu a Chizungu. Mbiri yaikulu ya Keyala, imene Moyse-Bartlett anatulutsa mu 1956, imatchula maofesala ambirimbiri ndi maina awo. Ngakhale malo a asilikali a ku Zomba, Cobbe Barracks, ali ndi dzina la ofesala amene analandira mendulo ya Victoria Cross ku Somaliland mu 1902 akutsogolera amuna a kuno. Panapita zaka zambiri kuti munthu ayende m'midzi kukafunsa eni ake, monga anachitira Melvin Page, amene buku lake la nkhondo ya chiwaya linatuluka mu 2000. Ndipo pali anthu ena amene buku la zovala silingawaonetse bwino, chifukwa analibe yunifolomu. Dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku nkhondo yoyamba, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Ambiri anagwidwa mokakamiza m'midzi, nasenza katundu wa mapaundi 50 kapena kuposa, ulendo wa masabata, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Kutengedwa kwa anthu kupita ku nkhondo ya eni ndicho chimodzi cha zimene John Chilembwe anadandaula m'kalata yake ya kumapeto kwa 1914, asanaukire Boma mu Januwale 1915. Pa shelefu ya mmisiriyo panali asilikali okhaokha, ngati kuti ufa ndi zipolopolo zinkayenda zokha.

Anazindikira zimenezi pa mwambo wokumbukira asilikali umene umachitika mu Novembala pa chipilala cha Keyala ku Zomba. Pobwerera anapatukira kwa mayi ake aang'ono aja, ndipo m'kucheza iwo anati, "Iwe ukusema a kuchimuna okhaokha. Atate athu, agogo ako a kuchikazi, nawonso anapita ku chiwaya. Anasenza mabokosi kuchokera ku Karonga kukwera mapiri, ndipo anabwera tsitsi la pakati pamutu litatha. Iwo sanalandire chitsulo chilichonse." Mmisiriyo anafufuza m'mabuku ake onse awiri. Anapeza kachithunzi kamodzi ka kamera, mzere wa anthu akuoneka patali ngati nyerere, nkhope zosadziwika.

Chifukwa chake munthu amene akumsema tsopano alibe chilembo kapena nambala. Bukulo lamthandiza pa bokosi lokha, pakuti likuonetsa kukula kwa bokosi la zipolopolo ndi zogwirira zake za chingwe. Zotsalazo akufunsa kwa nkhalambayo, imene imakhala pa mkeka pafupi ndi benchi, maso ake atachita khungu pang'ono, ikupapasa mtengowo ndi zala. Sabata yatha iwo anapapasa mutu wa kamunthuko nati, "Nkhata waiika bwino. Koma khosi walitalikitsa, mwanangu. Munthu wosenza miyezi itatu khosi limalowa m'mapewa." Mmisiriyo anatenga kampeni kake, nafuna chidutswa china cha mlombwa pansi pa benchi, nayambanso.